George Hirst: chiphona kwawo, munthu wamba m'timu ya dziko

Ndili ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa masamu amene adapuma pantchito, yemwe sakhulupirira chinthu chopanda nambala. Mukamuuza kuti uje adali katswiri, iye amangoti tiyeni tione m'mabuku. Tsiku lina tikucheza za kiriketi, masewero amene tonse awiri tidayamba kuwakonda pomvera wailesi, ndidatchula dzina la malemu George Hirst wa ku England, ndipo ndidamutama kwabasi. M'mawa mwake mkuluyu adandipeza atanyamula kapepala. Pakapepalapo padali nambala zitatu: masewero a Test 24, mawiketi 59, marani 790. Kenaka adandifunsa ngati chiphona ndinkanena dzulo chija n'chimenechi.

Abale anga, ndidasowa poyambira, chifukwa nambalazo sadapeke. Ndipo kwa munthu wotsata kiriketi, nambala zimenezi n'zamunthu wamba. Wasim Akram wa ku Pakistan, yemwenso ankaponya ndi dzanja lamanzere n'kumakhotetsa mpira m'malere, adagwetsa mawiketi 414 m'masewero a Test. Chaminda Vaas wa ku Sri Lanka adagwetsa 355. Alan Davidson wa ku Australia adagwetsa 186 m'masewero 44 okha. Tsono 59 n'chiyani pamenepa? Komabe luso limene akatswiri onsewa adadyera, mmodzi mwa anthu oyamba kuliwanditsa adali Hirst yemweyo. Lero ndati ndimuyankhire pano mnzangayo, inu awerengi mukhale mboni, ndipo pamene iye akunena zoona sindibisa.

Poti ambiri mwa ife tidakulira pa mpira wamiyendo, ndiyambe ndafotokozako pang'ono. Kiriketi amasewera anthu 11 mbali iliyonse. Pakati pa bwalo pamakhala kanjira kotalika mayadi 22, ndipo uku ndi uku amazikako timitengo titatu. Woponya amathamanga n'kuponya mpira wolimba wachikopa kuti ukagunde timitengoto, pamene womenya amatchinga ndi thabwa lake n'kuumenyera kutali kuti iye ndi mnzake athamange kusinthana malo. Akasinthana kamodzi, imeneyo ndiyo rani imodzi. Timitengo tikagundidwa, kapena mpira umene wamenya ukawakhidwa usadagwe pansi, womenyayo watuluka, ndipo timati wiketi yagwa. Akatuluka anthu 10, timu inayo imalowa kukamenya. Masewero a Test ndi apakati pa mayiko, timu iliyonse imamenya maulendo awiri, ndipo m'nthawi ya Hirst ku England ankatenga masiku atatu. Zinazo tizimva m'njira.

George Herbert Hirst adabadwa pa 7 Sepitembala 1871 m'mudzi wa Kirkheaton, kufupi ndi tauni ya Huddersfield m'chigawo cha Yorkshire. Uku n'kudera la mafakitale a nsalu, kumene mwana wa mmphawi sankachedwa kusukulu. Iye adasiya sukulu ali ndi zaka 10 n'kukalowa ntchito kwa mmisiri wina woluka nsalu, kenaka adakagwira pamalo onyika nsalu mu utoto. Kiriketi ankasewera akaweruka. Chodabwitsa n'choti kamudzi komweko kadabalanso Wilfred Rhodes mu 1877, winanso woponya ndi manzere, ndipo mpaka lero ukatchula wina mwa awiriwa, mnzakeyo amabwera yekha pakamwa.

Timu ya Yorkshire adayamba kuisewerera mu 1891. Adali munthu wamfupi, wachifuwa chachikulu, wansangala, woponya ndi manzere koma womenya ndi kumanja. Apa pali chinthu chimene kapepala ka mnzanga kaja sikanena. Masiku amenewo osewera adali m'magulu awiri. Kudali mabwana, ana a anthu olemera amene ankati akusewera mongokonda, ndiye kudali aganyu ngati Hirst amene kiriketi idali khasu lawo. M'mabwalo ambiri magulu awiriwa ankavalira m'zipinda zosiyana, kulowa pabwalo pazipata zosiyana, ndipo ukaputeni udali wa mabwana. Tsankho limeneli adalithetsa kumapeto kwa 1962, Hirst atagona kale kumanda. Bwana wa Hirst adali a Lord Hawke, kaputeni wa Yorkshire kwa zaka zoposa 25. Pazina mkuluyu adali wachilungamo, mwachitsanzo adakonza zoti aganyu azilandirako kangachepe m'miyezi yozizira pamene kulibe masewero. Koma adali munthu woti akanena wanena, ndipo kuyambira mu 1899 adalinso wapampando wa akuluakulu osankha timu ya England. Musungeni dzina limeneli, tikumana nalonso.

Mwayi woyamba wosewerera dziko udabwera mu 1897, pamene Hirst adakwera sitima yapamadzi kupita ku Australia ndi timu ya Andrew Stoddart. Ndi thabwa sadachite manyazi. Adapeza marani 62 ku Sydney pamasewero ake oyamba, kenaka 85 ku Adelaide, ndipo 85 ameneyo sadamupitirirepo moyo wake wonse m'masewero a Test. Koma ndi mpira adaona zakuda. M'masewero anayi adagwetsa mawiketi 2 okha, anthu atamudya marani oposa 300. England idagonja masewero anayi n'kupambana amodzi. Mu 1899 adamuyesanso kamodzi ku Nottingham, pamasewero amene W. G. Grace adatsanzikira timu ya dziko ndipo Rhodes ndi Victor Trumper adayambira, kenaka adamusiya. Kunena zoona, Hirst wa nthawi imeneyo adali woponya wamphamvu chabe. Ankathamanga, kuponya molunjika, basi. Woponya wotere pabwalo louma gwaa la ku Australia ndi ndiwo ya omenya.

Zinthu zidasintha cha m'ma 1900 ndi 1901, ndipo apa mpofunika kudekha. Mpira wa kiriketi uli ndi msoko wotukuka umene umazungulira pakati pake, ndipo ukakhala watsopano umanyezimira. Oponya ambiri akale sankaona phindu la kunyezimirako, moti ena ankayamba aukwecha padothi kuti uzigwirika bwino m'zala. Hirst adatulukira kuti akaugwira msoko utaima, utapendekera pang'ono chammbali, mphepo imadutsa mosiyana kumbali ziwiri za mpirawo, ndipo mpira umapatuka uli m'malere usadagunde n'komwe pansi. Poti ankaponya ndi manzere, mpira unkachoka m'dzanja lake ukuoneka ngati ukudutsa pamaso pa womenya kulowera kunja. Womenya uja ankatambasula thabwa kuulondola. Ndiye pamapeto penipeni, nthawi yosintha maganizo itatha, mpira unkabwerera mkati n'kudzera pakati pa thabwa ndi mwendo, timitengo n'kumwazika. Amene ankayesa kudzitchinjiriza ankangoupatsira anyamata amene Hirst ankawaimika pafupi kumbali ya miyendo. Ankakonda kuponya moyang'anana ndi mphepo, ntchito imene oponya ena amaithawa chifukwa njotopetsa. Mu 1901 adagwetsa mawiketi 183 m'nyengo imodzi, pamwamba pa marani 1,950.

Koma chida chimenechi chili ndi vuto lake. Chimadalira mpira watsopano, chimadaliranso nyengo. Osewera mpaka lero amalumbira kuti mpira umakhota bwino kukakhala mitambo ndi chinyontho, ngati mmene kumakhalira ku Leeds kapena ku Birmingham, ndipo kukang'amba dzuwa, msoko n'kuphwa pabwalo lolimba, mpira umangoyenda njira yowongoka. Mphamvu za ng'ona zili m'madzi. Chinanso, pamene Hirst adali pachimake kumapeto kwa 1901, timu ya England inkapita ku Australia motsogozedwa ndi Archie MacLaren wa ku Lancashire. MacLaren adawafuna Hirst ndi Rhodes. Akuluakulu a Yorkshire, a Hawke ali patsogolo, adakana kuwamasula, ati anyamatawo apume. Waganyu sakadatsutsa bwana. Masewero asanu a Test adamudutsa choncho ali kunyumba, ndipo pakati pa a Hawke ndi MacLaren padatsala nkhidzi.

Chaka cha 1902 ndicho mtima wa nkhani yonseyi. Timu ya Australia imene idafika ku England chaka chimenecho, yotsogozedwa ndi Joe Darling, idali ndi Trumper, Clem Hill, Monty Noble ndi Hugh Trumble, mayina amene ochemerera kiriketi amawatchulabe mwaulemu. Masewero oyamba adali ku Edgbaston mumzinda wa Birmingham kumapeto kwa Meyi. Hirst adathandiza ndi marani 48 kuti England ifike pa 376. Australia italowa, anyamata awiri a ku Kirkheaton adaimwaza yonse pa marani 36, ndipo theka la marani amenewo adali a Trumper yekha. Mpaka lero Australia sidatsikepo kuposa apa m'masewero a Test. M'mabuku mudalembedwa kuti Rhodes adagwetsa 7 atapereka marani 17, Hirst adagwetsa 3 atapereka 15. Mnzanga wamasamu akawerenga pamenepa anena kuti ntchito adagwira ndi Rhodes. Koma ambiri amene adaonera ankati wovuta kumumenya tsiku limenelo adali Hirst, ndipo omenya ankathawa moto wake n'kukagwera kwa Rhodes. Nambala zilibe malo olembapo zimenezo. Mvula idaipulumutsa Australia, masewero adatha opanda wopambana. Patangopita masiku ochepa alendowo adakumana ndi Yorkshire ku Leeds, ndipo kumeneko adatuluka onse pa 23. Hirst adagwetsa 5 atapereka marani 9, mmodzi mwa iwo Trumper.

Masewero achiwiri ku Lord's adakokoloka ndi mvula. Achitatu ku Sheffield, kwawo kwenikweni ku Yorkshire, Hirst sadaphule kanthu ndipo England idagonja. Ndiye kudabwera za ku Old Trafford mumzinda wa Manchester, zimene Angerezi akhala akukangana nazo kwa zaka zoposa 100. Osankha timu adaonjezera pamndandanda dzina la Fred Tate wa ku Sussex, munthu amene adali asadasewererepo dziko. Olemba mbiri ambiri amati a Hawke ankaganiza kuti MacLaren sangayerekeze kumutenga Tate n'kusiya Hirst. MacLaren, atapsa mtima ndi mndandanda umene adamupatsa, adachita zomwezo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzu pamenepa udali aganyu awiri. Hirst adakhala panja. Tate adalowa pabwalo tsiku limene ankakwanitsa zaka 35. Paulendo wachiwiri wa Australia, timuyo ili pamoto anthu atatu atatuluka msanga, Darling adamenya mpira m'mwamba, Tate n'kuutaya. Darling adapitirira kufika pa 37. England inkafuna marani 124 kuti ipambane, ndipo pamene munthu womaliza ankalowa kudatsala 8. Munthu womalizayo adali Tate. Adapeza 4, kenaka Jack Saunders adamugwetsera timitengo. Australia idapambana ndi marani 3 n'kusunga chikho cha Ashes.

Ine Tate sindimuda, ndipo n'kulakwa kumusenzetsa mlandu wa anthu ena. Sadadzisankhe yekha, ndipo sadasewererenso England. Koma tadzifunsani nokha. Masewero otha ndi kusiyana kwa marani 3, mwasiya panja munthu amene amaponya, amamenya, ndiponso ali m'gulu la owakha mpira odalirika m'dziko lonse. Kodi akadakhalapo zikadatha chimodzimodzi? Yankho lidabwera pasadathe milungu itatu.

Ku The Oval mumzinda wa London, mu Ogasiti, adamubwezera m'timu. Australia idapeza 324, Hirst atagwetsa 5 n'kupereka marani 77. England idatuluka pa 183, ndipo pakadapanda 43 wa Hirst ikadakakamizidwa kumenyanso nthawi yomweyo. Australia idagwa pa 121 ulendo wachiwiri, kutanthauza kuti England inkafuna 263 tsiku lomaliza, pabwalo lonyowa limene mpira unkadumpha mosadziwika bwino. Anthu asanu adatuluka marani ali 48 okha. Apa mpamene Gilbert Jessop adachita zimene zimakambidwabe, kukwapula marani 104 m'mphindi pafupifupi 75, mothandizana ndi Stanley Jackson amene adapeza 49. Koma anthu amaiwala kuti pamene Jessop ankatuluka, England idali pa 187, anthu asanu ndi awiri atapita, kutatsala marani 76. Moto wa mapesi udali utazima. Ntchito yotsalayo inkafuna munthu wamtima wozizira, ndipo adaigwira ndi Hirst, pang'onopang'ono, anzake akutha mmodzimmodzi kumbali inayo, Trumble akuponya osapuma.

Wachisanu ndi chinayi adatuluka pa 248. Kudatsala marani 15 ndi munthu mmodzi, ndipo amene adatsika masitepe kudzalowa pabwalo adali Rhodes, mwana wa kwawo. Pali nthano yotchuka yoti Hirst adamunong'oneza mnzakeyo kuti marani otsalawo angowatola imodziimodzi. Eni ake onse awiri adakana kuti mawu otere sadayankhulidwe, ndipo mabuku akuonetsa kuti si onse amene adabwera imodziimodzi. Chimene chili choona n'choti anyamata awiri a m'mudzi umodzi adawatola marani 15 aja, khamu la anthu mitima ili m'mwamba, kamvula kakuwaza. Rhodes adamenya rani yomaliza. Hirst adatsala ndi 58 osatuluka. England idapambana ndi wiketi imodzi. M'masewero amenewa mokha munthu adamusiya ku Manchester uja adapereka marani 101 ndi mawiketi asanu a ulendo woyamba. Koma chikho chidali chitapita kale.

Ulendo wachiwiri wa ku Australia udali wa 1903 mpaka 1904, kaputeni ali Pelham Warner. Uku ndiye kudali kuyesedwa kwenikweni kwa mpira wokhota uja kunja kwa dziwe lake, ndipo ndivomere kuti sudakhote ngati kwawo. Hirst adasewera masewero onse asanu n'kugwetsa mawiketi 15, ntchito yabwino ndithu koma yosaopsa munthu. Chimene amakumbukiridwa nacho paulendowu ndi thabwa kachiwirinso. Ku Sydney mu Disembala 1903, pamasewero amene R. E. Foster adapeza 287, England inkafuna 194 ndipo anthu anayi adatuluka marani ali 82. Hirst adapulumuka asadapeze ngakhale rani imodzi pamene mnyamata wina wa Australia adautaya mpira umene ukadamutulutsa. Mwayi umenewo sadauseweretse. Adaima ndi Tom Hayward, amene adapeza 91, ndipo iye adamaliza ndi 60 osatuluka. England idatenga Ashes ndi masewero atatu kwa awiri. Popanda masewero a ku Sydney amenewa, kaya.

Tsono tabwerani naye kwawo muone munthu wina. Mu 1904 Yorkshire idamukonzera masewero omuthokoza, monga ankachitira ndi aganyu otumikira nthawi yaitali, ndipo anthu adasonkha mapaundi 3,703, ndalama zimene waganyu wina aliyense adali asadalandirepo. Mu 1905 adamenya 341 polimbana ndi Leicestershire, ndipo palibe wa Yorkshire amene wapitirirapo. Mu 1906, chaka chimene ankakwanitsa zaka 35, adapeza marani 2,385 n'kugwetsa mawiketi 208 m'nyengo imodzi. Mumve bwino pamenepa. Womenya akapeza marani 2,000 m'nyengo, ndiye kuti ndi katswiri. Woponya akagwetsa mawiketi 200, ndiye kuti ndi namatetule. Uyu adachita zonse ziwiri ndi thupi limodzi, ndipo palibe adachitapo zimenezi kale kapena pambuyo pake. Sizidzachitikanso, poti masiku ano sasewera masewero ochuluka ngati kale. Chaka chomwecho ku Bath, polimbana ndi Somerset, adamenya 111 ndi 117 osatuluka, n'kugwetsa mawiketi 6 ulendo woyamba ndi 5 wachiwiri. Mu 1908 iye ndi Schofield Haigh adaitulutsa Northamptonshire pa 27 ndi pa 15, Hirst atatenga mawiketi 12 ndi marani 19 okha. Kuphatikiza marani 1,000 ndi mawiketi 100 m'nyengo imodzi adachita ka 14, ndipo womuposa ndi Rhodes yekha, ka 16.

M'timu ya dziko adasewera masewero atatu mu 1905 ndi Australia, atatu mu 1907 ndi South Africa, opanda chokumbukika kwenikweni. Tsiku lake lomaliza lowala lidabwera mu 1909, ku Edgbaston komwe kuja, ali ndi zaka 37. Iye ndi Colin Blythe wa ku Kent, winanso wamanzere, adagawana mawiketi onse 20 a Australia, Blythe 11, Hirst 9. Alendo adatuluka pa 74 ndi pa 151, England n'kupambana osataya wiketi paulendo wachiwiri. Blythe ameneyu adadzafera kunkhondo ku Belgium mu 1917. Masewero atatu otsatira Hirst sadachite zambiri, Australia idatembenuza zinthu n'kutenga mpikisano, ndipo pamasewero omaliza adamusiya. Sadaitanidwenso.

Ndibwerere kwa mnzanga ndi kapepala kake. Akunena zoona kuti Hirst wa England sadafike pa Hirst wa Yorkshire. M'masewero onse akuluakulu a moyo wake adapeza marani 36,356 ndi mawiketi 2,742, ndipo wiketi iliyonse inkamudyera marani osakwana 19. M'masewero a Test wiketi inkamudyera marani 30, ndipo sadafikepo pa marani 100 ngakhale kamodzi. Sindinganamizire nyengo ya ku Australia pa zonse, chifukwa masewero 15 mwa 24 aja adaseweredwa kwawo ku England, ndipo ku Sheffield mu 1902 adalephera pansi pa mitambo yakwawo. Omenya a Australia adali akatswiri kuposa ambiri amene ankakumana nawo sabata ndi sabata. Munthu ngati Trumper kapena Hill ukamupusitsa lero, mawa wakutulukira. Mpira ukasiya kukhota, Hirst ankatsala ndi mphamvu ndi khama, ndipo pamlingo umenewo ziwirizi sizikwanira. Zimenezi ndavomera.

Pamene ndikusiyana naye mnzangayo ndi pa chimene nambala zija zikuyeza. Ukulu wa Hirst udali wa munthu amene umamupeza pantchito tsiku lililonse. Nyengo ya kiriketi ku England inkayamba mu Meyi mpaka Sepitembala, masiku asanu ndi limodzi pasabata, masewero oposa 30, kuchoka pabwalo kukakwera sitima yapamtunda usiku kuti m'mawa mukayambe kwina. Iye ankatsegulira kuponya, kukamenya timu ikavutika, kuima kutsogolo kumene mipira yamoto imadzera, chaka ndi chaka kwa zaka pafupifupi 30. Masewero a Test ankabwera mwa apo ndi apo, masewero 24 m'zaka 12, ndipo ngakhale ochepawo ena adamulanda ndi mabwana pa zifukwa zawo, asanu mu 1901 ndi 1902 ku Australia, ndi aja a ku Manchester. Ndiye taonani masewero amene England idapambana chifukwa cha iye: The Oval 1902, Sydney 1903, Edgbaston 1909. Awiri mwa atatuwa timu idali pakamwa pa mkango, ndipo amene adatsala ataima ndi iye. Pa marani 790 aja, 58 ndi 60 amalemera kuposa mazana ambiri amene anthu ena adapeza masewero atatha kale ntchito. Chondiseketsa n'choti woponya amene adathandiza kuphunzitsa dziko kukhotetsa mpira, timu ya dziko lake imamukumbukira kwambiri chifukwa cha thabwa.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse idaimitsa mpikisano wa zigawo kuyambira 1915 mpaka 1918. Hirst adabwerera mu 1919 ndipo adasiya kusewera kawirikawiri mu 1921, ali ndi zaka 50. Ku Huddersfield adali ndi kabizinesi kopanga maswiti, koma ntchito imene adaikonda idali yophunzitsa. Adakhala mphunzitsi wa kiriketi pasukulu ya Eton kwa zaka pafupifupi 18, kufikira 1938. Tangoganizani, mwana adasiya sukulu ali ndi zaka 10 uja akuuza ana a mabwana a dziko lonse mmene aimire ndi mmene agwirire thabwa. M'zaka zonsezo Eton sidagonjepo kwa Harrow pamasewero awo apachaka ku Lord's, ndipo chaka chotsatira atachoka, mu 1939, idagonja. Ankathandizanso achinyamata a Yorkshire, ndipo mwa amene adadutsa m'manja mwake mudali Hedley Verity ndi Len Hutton. Hutton ameneyu mu 1952 adadzakhala waganyu woyamba m'zaka za m'ma 1900 kupatsidwa ukaputeni wa England, Hirst akadali moyo.

Mu 1929 ku Scarborough adamupempha kuti avalenso zoyera za Yorkshire kamodzi, ali ndi zaka 58. Adapeza rani imodzi, kenaka mnyamata wa zaka 21, Bill Bowes, yemwenso adali mwana wa Yorkshire, adamugwetsera timitengo. Mkazi wake adamwalira mu 1953, ndipo iye adatsatira pa 10 Meyi 1954 ku Lindley mu Huddersfield, ali ndi zaka 82, mtunda pang'ono chabe kuchokera kumudzi kumene adabadwira. Rhodes adakhalabe ndi moyo mpaka 1973. Maso adali atasiya kuona, koma ankapitabe kumabwalo kukamvetsera kulira kwa mpira pathabwa.